Injini Yokana Kuzima pa Maliro

Nkhani iyi sindikonda kuikamba. Koma poti malume anga amaikamba paliponse, ndipo amawonjezeramo zomwe sizinachitike (sindinalire ine, unali utsi), ndaona kuti ndibwino muimvere kwa mwini wake.

Nditalephera kusankhidwa kupita ku sekondale, mayi ananditumiza ku Ngabu kwa malumewo. Iwo anali atasiya umakaniko ku esiteti ya nzimbe ndipo anatsegula kagalaja kawo pansi pa mtengo wa bwemba. Tsiku loyamba anandiuza mosabisa.

"Ndikuyesa miyezi itatu. Ukaoneka kuti uli ndi mutu, ukhala pano uphunzire ntchito. Ukaoneka kuti ulibe, chikwanje chilipo, nzimbe zikudikira."

Anyamata odula nzimbe ndinali nditawaona akuweruka, akuda bii ndi mwaye, zikhatho zili matuza okhaokha. Ndinatsimikiza mtima kuti malume ndiwakondweretsa basi. Tsoka lake, njira zomwe ndinkadziwa zokondweretsera akulu zinali ziwiri zokha, kuyankha "inde" msanga ndi kusesa. Kusukulu ya kumudzi aphunzitsi ankandiyamikira kwambiri pa ziwirizi.

Kuseri kwa galaja kunali pikapu yakalekale yomwe nkhuku zinkaikiramo mazira. Injini yake ya petulo inali itafa, komanso petuloyo ankasowa masiku amenewo. Malume anapeza injini ya dizilo yomwe kale inkapopa madzi m'minda ya nzimbe, ndipo anati tiilowetse mu pikapumo. Kumbuyo ankafuna kumangako kanyumba ka tenti kuti azipita kudambo cha ku Nyachikadza, azikagona komweko sabata yathunthu akuwedza ndi kuyanika mlamba ndi mphende, osapempha malo ogona kwa munthu.

Ntchitoyo inatitengera miyezi iwiri ndi theka. Injini sinkalowa. Tinadula, tinawotcherera, tinaikweza ndi tcheni panthambi ya bwemba (nthambiyo inathyoka, koma umenewo si mlandu wanga). Italowa, boneti inakana kutsekeka, ndiye tinkaimanga ndi mphira. Batire linasowa malo kutsogolo, tinaliika kuseri kwa mpando. Ekizozi inali paipi wamba wopanda chochepetsa phokoso.

Tsiku lomwe injiniyo inalira koyamba, nkhuku zonse zinathawira kwa aneba. Malume ali pachiwongolero anandikodola ndi dzanja, n'kuyamba kundifotokozera zinazake akuloza pansi, cha kumawondo kwawo. Ine ndinkangoona milomo ikuyenda.

"Wamva?" anakuwa pomaliza.

"Inde malume, ndamva!"

Sindinamve kanthu. Koma kuuza mkulu kuti abwereze ndinkakuona ngati mwano. Ndipo pozimitsa sindinkaona zomwe amachita, chifukwa nthawi zonse ine ndinkakhala panja, mwala m'manja, kudikira kutsekera tayala.

M'mawa wa tsiku la ulendo ndinalawirira kukonza galimoto. Ndinatsuka, ndinasesa, ndinapukuta mpando, makadi a chipani ndinaika m'thumba la malaya. Kenako ndinaona waya wa dzimbiri akulendewera pansi pa chiwongolero, kunsonga kwake kopindika ngati mbedza. Ankanyansa waya ameneyo. Galimoto yonse yoyera, iye yekha ali lende. Ndinatenga pulayala n'kumudula pomwe ankalowera m'kabowo kopita ku injini. Ndipo poti kumbuyo tinalibe chopachikira masikito, ndinamumanga kuchokera kuchitsulo china kufika kuchinzake, masikito ali bwinobwino. Ndinaima chapatali n'kudziyamikira ndekha.

Tinanyamuka. Pamsewu anyamata a chipani atatiimitsa kuti aone makadi, malume sanazimitse injini, ndiye palibe chomwe chinadziwika. Tinadutsa Nsanje, tinalowa kanjira ka mchenga kolowera kudambo. Dzuwa lili pamutu tinapeza masamba atayalidwa panjira. Anali maliro, ndipo njirayo inkadutsa pafupi penipeni ndi nyumba ya siwa.

"Sitingangodutsa ngati mbuzi," anatero malume akuvula chipewa. Anaimika galimoto pansi pa mtengo, mapazi makumi awiri okha kuchokera pomwe anakhala azibambo. "Ndikapepese. Iwe zimitsa monga ndinakuuzira muja, unditsatire."

Ndinakondwera kwambiri. Aka kanali koyamba kundisiyira galimoto. Ndinakhala pachiwongolero mwaulemu, ndinapotoza kiyi.

Injini inapitiriza kulira.

Ndinapotozanso. Ndinazula kiyi, ndinamuyang'ana, ndinamuika m'thumba limodzi ndi makadi. Injini osasintha n'komwe, gudugudu, gudugudu, galimoto yonse ikunjenjemera. Apo n'kuti mlaliki ataimirira, Baibulo lili m'manja, ndipo malume atakhala kale pakati pa akuluakulu, mutu uli pansi. Mitu ina inayamba kutembenukira kwa ine.

Ndinakumbukira batire. Galimoto yopanda batire ingalire bwanji? Ndinakankha mpando, ndinamasula nthambo zonse ziwiri. (Amene mumadziwa dizilo musaseke. Panthawiyo palibe amene anali atandiuza kuti injini zakalezi zikangolira sizifunanso moto wa batire. Kapena anandiuza, tsiku lija.) Inapitirizabe kulira, ndipo ndinkaona ngati yawonjeza dala.

Posakhalitsa kunabwera bambo wina wamtali wa jekete lakuda, mkulu wa mpingo. Anawerama pawindo n'kuyankhula chapansipansi, Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja.

"Mphale, ninji pyenepi? Simukuona kuti pano pali maliro? Zimitsani."

"Inde bambo, ndamva."

Anabwerera. Ine ndinaganiza kuti ngati sindingathe kuipha, bola ndiitseke pakamwa. Ndinatsitsa mabulangete athu awiri ndi mphasa n'kufunditsa boneti. Phokoso silinachepe. Ndinatenga chiguduli n'kukatseka ekizozi. Chinakhalamo kanthawi kochepa, kenako chinafwamphuka ngati chipolopolo n'kukagwera pafupi ndi amayi omwe ankaphika ndiwo kuseri kwa nyumba, utsi wakuda uli pambuyo pake. Amayi anayamba kutsokomola. Mmodzi anandiloza ndi chipande.

Mkulu wa mpingo uja anabweranso, ulendo uno osanong'ona.

"Mphale, kodi ndinu ogontha?"

"Inde bambo," ndinayankha. Pakamwa panangozolowera.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinakawaitane malume. Ndinaganizapo. Koma kuti ndiwafikire ndinayenera kudutsa pamaso pa akuluakulu onse, ulaliki uli mkati, n'kukawauza pagulu kuti zomwe ndinati ndamva zija sindinamve. Sindinapite. Ndinangoima pambali pa galimoto, manja kumbuyo, ngati mwana wasukulu wodikira chikwapu, maso akutuluka madzi (utsi, ndanena kale).

Pamapeto pake malume anadzuka okha. Anayenda chowerama pakati pa anthu, akuwomba m'manja pang'onopang'ono kupepesa uku ndi uku. Atafika sanandiyang'ane. Analowetsa dzanja pansi pa chiwongolero, anapapasa, anapapasanso. Kenako anataya mabulangete pansi, anamasula mphira, anatsegula boneti, n'kukankha kachitsulo kakang'ono ndi chala chimodzi.

Zii.

Mlaliki, amene nthawi yonseyi ankalimbana ndi injini, sanathe kutsitsa mawu msanga. Mudzi wonse unamva akukuwa ndi mphamvu zake zonse: "KUMENE WAPITA MBALE WATHUYU KULIBE PHOKOSO!"

Kumbali ya amayi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Sindikhulupirira kuti onsewo ankalira.

"Waya uja ali kuti?" anafunsa malume motsitsa mawu.

"Uti, malume?"

"Wozimitsira. Ndinakuonetsa uja. Unati wamva uja."

Ndinaloza kumbuyo kwa galimoto. Malume anasuzumira mu tenti, anaona masikito atapachikidwa mwaudongo, makona onse ofanana. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Wapachika bwino," anatero. Mawu amenewo anandiwawa kuposa mbama.

Anandigwira padzanja kukagwada pamaso pa eni maliro. Iwo anati palibe kanthu, ana ndi ana, koma galimotoyo isalirenso mpaka mwambo utatha. Tinakhala mpaka dzuwa litapendeka, ine ndikutunga madzi a adzukulu okumba manda.

Kudambo tinafika ndithu, ndipo nsomba zinaphedwa. Malume anakana kulumikiza waya. Sabata yonseyo tikaima paliponse ankangoti, "Waya, tsika," ine n'kutsika, kumasula mphira, kutsegula boneti yotentha, kukankha kachitsulo. Asodzi akumeneko mpaka anayesa kuti Waya ndi dzina langa lenileni. Sindinadandaule. Ndinkaganiza kuti chilango ndi chomwechi, ndipo zikatha apa zatha.

Titabwerera ku Ngabu, m'mawa mwake ndinapeza chikwanje chatsopano pa benchi ya galaja, chonoledwa kale.

"Kudula waya si mlandu, mphwanga," anatero malume. "Ine ndadula zambiri. Koma munthu woyankha inde asanamve, tsiku lina adzanditsitsira galimoto pamimba ndili pansi pake. Kadule nzimbe nyengo imodzi. Kumeneko chilichonse chomwe ungadule n'choyenera kudulidwa."

"Inde malume," ndinatero.

"Ukuona?"

Ndinadula nzimbe nyengo yonseyo, ndipo matuza aja ndinawadziwa bwino. Nditabwerera malume anandilandira, ndipo masiku ano akandifotokozera chinthu ndimawauza kuti abwereze, nthawi zina katatu, mpaka amakwiya. Pikapu ija ikuyendabe. Waya watsopano anamupaka penti yofiira, koma akulendewerabe chimodzimodzi, wopindika, wonyansa. Ndikamasesa m'galimotomo, pulayala ndimayamba ndaisiya kunyumba.