Khoswe Pathumba la Apongozi

Lolemba

Muli khoswe m'nyumba muno. Ndamuona ndi maso angawa masanasana, ali phee pamwamba pa thumba m'kachipinda kosungira katundu, ngati ndiye amalipira lendi.

Thumbalo si langa. Ndi la apongozi a ku Nkhulambe, ndipo muli mbewu ya nandolo wamakolo amene agogo awo anachoka naye ku Mozambiki. Pamsika sapezeka. Anandisungitsa atakolola, ati nyumba ya aphunzitsi ndi yasimenti, khoswe sangalowe. Ine ndinavomera monyada. Lamulungu likubwerali adzatenga, poti mvula yayandikira.

Ndapalasa njinga kukabwereka mfuti ya mpweya kwa a Nakoma, aja a golosale pa Chiringa. Amaphera njiwa. Andifunsa kuti ndizilozera ndi chiyani:
- chigalasi chomangirira pamwamba, chokokera zakutali pafupi
- kansonga kachitsulo ka kumapeto kwa mfuti
- diso chabe

Ndasankha chigalasi. Munthu wa setifiketi sangaloze ngati wa legeni.

Lachiwiri

Ndaweruka msanga. Ndakhala pampando pakhomo pa kachipindako, mfuti paphewa.

Vuto loyamba: kachipindaka nkakang'ono. Nditatambasula mwendo ndikhoza kuligunda thumba. Chigalasi anachipangira njiwa ya pamwamba pa mtengo, osati khoswe woti nkupatsana naye moni wa pamanja. Ndikasuzumira ndikungoona chifunga chotuwa.

Kenaka chifungacho chagwedezeka. Ndawomba!

Khoswe watsika bwinobwino, osathamanga nkomwe. Pathumba pali kabowo, nandolo akugwa mmodzimmodzi.

Mayi a Tadala, akazi anga, akuti, "Khoswe akakhala pamkhate sapheka, bambo a Tadala. Bwanji osangobwereka mphaka?"

Mwambi umenewu ndimauphunzitsa ndine ku Sitandade 6. Sindikufuna kuumva m'nyumba mwanga.

Lachitatu

Ndalitulukira vuto! Chigalasi chili pamwamba, mpope wa mfuti uli pansi pake. Chinthu chikakhala kutali, diso ndi kachipolopolo zimakumana. Chikakhala pafupi, kachipolopolo kamapita m'munsi. Ndiye kuti ndikaloza khoswe, ndikuwombera chimene wakhalira. Ndajambula zonsezi pabolodi nthawi yopuma, ahedi andiyang'ana nkungopitirira.

Mankhwala ake: kuloza pamwamba pa makutu.

Ndaloza pamwamba pa makutu. Zotsatira zake:
- galasi la nyali, laphwanyika
- kalendala ya chipani imene anatigawira pakampeni, yabooka pachipumi
- thumba, mabowo ena awiri (apa ndinaiwala masamu)
- khoswe, ali bwino

Choipa nchakuti kale ankavutika kuboola yekha thumba. Tsopano ndamutsegulira mipope. Madzulo ano wabwera ndi abale ake.

Lachinayi

Chigalasi ndachotsa. Ndabwerera ku kansonga kachitsulo, koma kansongako kulibe. Patsala kachitsa.

Ndapita kwa a Nakoma. "Eya, kanathyoka kalekale, aphunzitsi. Nchifukwa chake ndinagula chigalasi." Lolemba lija osanena bwanji?

Ndamangirira kamtengo ka machesi ndi mphira ya chubu cha njinga. Nsonga yake ndaipaka choko kuti izioneka mumdima. Kunena zoona, ntchito yake yaoneka yaukatswiri, ndipo ndinayamba kudzimva kuti ndine munthu.

Khoswe wadutsa pansi, m'mbali mwa khoma. Ndawomba. Kamtengo ka machesi kauluka, sindikudziwa kumene kagwera. Kwamveka kuti ngwee! ngati belu la kusukulu. Ndiye kuti ndagunda chinachake cholimba, mwina mutu wake.

Ndatseka chitseko. Mawa ndidzatola mtembo.

Lachisanu

Sunali mutu. Inali ndowa.

Ndowa ya madzi akumwa, yodzaza, imene mayi a Tadala amaika pafupi ndi thumba chifukwa mpozizira. Kabowo kali pansi penipeni. Madzi onse atha, ndipo thumba lawamwa.

Mayi a Tadala sanakalipe. Bola akanakalipa. Angoti, "Yanikani panja msanga," nkunyamuka kupita kumaliro kwa Chiwalo. Abwera mawa.

Kuyanika panja? Njira ya kumsika imadutsa pakhomo pano. Amayi onse a ku Nkhulambe amadutsa pomwepa, ndipo nandolo wa apongozi, wamawangamawanga uja, amamudziwa ngakhale ali patali. Dzuwa lisanapendeke nkhani ikhala itafika. Mkamwini amene sayang'anana ndi apongozi ake kumaso, amene akakumana nawo panjira amapatukira kutchire, ayanike manyazi ake pamphasa?

Ayi. Ndalifunditsa bulangete, ndatseka zenera. Kukutentha kwambiri, liuma lokha.

Mfuti ndaiyedzeka pakona. Khoswe wadutsa pamwamba pake.

Loweruka

Silinaume. Likutentha ngati mwana wodwala malungo, ndipo likununkha chimera.

Ndavundukula bulangete. Pabowo lililonse limene ndinaboola patuluka kamuzu koyera. Ndapisa dzanja mkati: nandolo watupa, wang'ambika, wayamba kumera. Wouma watsala wapamwamba yekha, sangadzaze mbale.

Ndakhala pansi. Mantha andigwira enieni. Mbewu imeneyi inawoloka malire pamutu pa munthu, inapulumuka njala, inapulumuka anankafumbwe. Yadzathera kwa ine, wophunzitsa ana zaulimi.

Mayi a Tadala afika, asuzumira, agwira pakamwa. Khoswe anatulukira kuseri kwa chitseko, iwo nkungomuponda ndi patapata. Wafa pomwepo. 

Lamulungu

Kutchalitchi sindinamve ulaliki.

Apongozi afika masana. Akhala pamphasa kuseri kwa nyumba, atafulatira. Ine ndakhala pakhonde, nditafulatiranso. Mawu akudzera mwa mayi a Tadala, monga mwa mwambo, ngakhale tonse tikumvana bwinobwino.

Thumba alikhuthulira pamphasa.  Ndikungomva zala zikusankha, ndi tizipolopolo tikugwera m'mbale, ngwe, ngwe.

Apongozi akuti, "Afunseni aphunzitsi, nkhondoyi anapambana ndani?"

Ndati awauze kuti khoswe wafa.

"Wafa wokhuta."

Kenaka chigamulo. Mbewu yomera siyembekeza mitambo. Iyenera kulowa m'nthaka mawa m'mamawa, ndipo kumwamba kuli mbee, ngakhale kamtambo paphiri la Michesi palibe. Dothi la ku Nkhulambe lauma ngati njerwa. Mjigo uli kutali ndi munda. Phando lililonse lifunika madzi tsiku ndi tsiku, apo ayi nandolo wa agogo atha chaka chino.

Mayi a Tadala afunsa kuti nanga athirire ndani, poti mvula sinagwe.

"Auzeni amuna anuwo kuti mpaka yeniyeniyo idzabwere, mvula ndi iwowo."

Mfuti ndabweza. Pobwerera ndabwereka zigubu ziwiri, ndazimangirira kale panjinga.