Amalume Bahgat, Ogawa Uinjiniya

Mumsewu mwathu ku Mansoura mwana sankadzisankhira ntchito. Ankamusankhira ndi Amalume Bahgat, ogulitsa madzi a nzimbe pakona paja, ndipo kwa iwo ntchito padziko lonse inali imodzi yokha: uinjiniya. Chotsala chinali kudziwa kuti wa mtundu wanji.

Mwana akasanjikiza makapu pakauntala, iwo ankakuwa: "Uyu ndi wa zomangamanga! Mtsinje wa Nailo ukudikira milatho yake." Wogwiragwira mawaya a fani anali wa zamagetsi. Wosakaniza madzi a mango ndi a nzimbe anali wa zamankhwala, malo ake ali kale kufakitale ya feteleza kutsidya. Ngakhale mphaka wa pashopu anali injiniya wa zamafuta, poti ankasowa miyezi n'kubwera atanona ngati munthu wochokera ku Kuwait.

Ine anandipatsa zamakina nditaphwasula wotchi ya bambo.

"Komatu Amalume, ndalephera kuibwezeretsa."

"Kubwezeretsa amaphunzira chaka chachitatu, bulu iwe!"

Ndinakathera ku Jeremani, ku zamakompyuta. Nditabwerako, ndikungodandaula za fumbi ndi mahutala, anandifunsa chomwe ndimapanga.

"Mapulogalamu, Amalume."

"Tabwera nayo imodzi ndiigwire."

"Sagwirika ndi manja."

"Kalanga ine! Ziyad, azungu aja anakupusitsa."

Chaka chomwecho mlongo wanga Rehab anakhoza mayeso mochititsa mantha, ndipo ankafuna zomangamanga. Bambo athu, a Haji Metwali, anakaniratu.

"Mwana wamkazi padzuwa, pakati pa amuna osakaniza simenti? Akaphunzire zogulitsa mankhwala, azikhala pamthunzi."

Ine ndinayamba kuwalalikira za ufulu wa munthu, monga ndinkamvera kunja kuja.

"Nzeru zakozo ukazisiye kubwalo la ndege," anatero bambo, n'kukweza wailesi.

Nthawi yosankha maphunziro inali kutha. Rehab anakalirira pakauntala ya Amalume Bahgat. Iwo anangomupatsa kapu ya nzimbe, n'kunena kuti, "Pukuta maso, injiniya. Misozi imawononga konkire."

Lachisanu, bambo akutuluka mumzikiti, anapeza msewu wonse uli wayawaya. Azimayi akuimba nthungululu m'mawindo, Amalume Bahgat ataima pakati ndi chidebe cha sharubati, chakumwa chofiira chija timagawa pakagwa chisangalalo. Bambo anangolandira kapu n'kugugudiza, poti kunkatentha.

"Kodi tikusangalalira ndani, Bahgat?"

"Inuyo, bambo wa injiniya!"

"Injiniya uti?"

"Aaa, Haji, mwamwa kale. Munthu amafunsa asanamwe."

Kwathu sharubati akamwedwa ndiye kuti nkhani yatha. Kuibweza n'kuuza msewu wonse kuti unamwa bodza. Bambo anatsegula pakamwa, koma ometa tsitsi anali atawakumbatira kale. Oyendetsa takisi anawapsompsona pamphumi. Gogo wina anawagwira mkanjo, akupempha kuti mtsikanayo akamaliza ayambire ngalande ya kuseri kwa nyumba yake. Ndinaona nkhope ya bambo ikulimbana yokha: nsidze zakwiya, chifuwa chikukwera.

Kenako ogulitsa nyama anafunsa, "Ndiye atenga zamagetsi eti?"

"Zamagetsi zachani?" bambo anakalipa. "Zomangamanga! Mwana wa Metwali angamakhalire kulumikiza mawaya?"

Amalume Bahgat anawadzaziranso kapu mwakachetechete. Nditacheuka, ndinaona Rehab pawindo atadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri.

Bambo anakhala nthawi osawalankhula Amalume. Ankangoima pakauntala, n'kuuza khoma kuti likapeza mpata liwapatse kapu ya nzimbe.

Amalume Bahgat anatisiya m'nyengo yozizira yapitayi. Pachitenti cha maliro, bambo ankanong'oneza aliyense wobwera kudzapepesa kuti, "Injiniya wathu achedwa pang'ono, akuchokera kumlatho ku Aswan." Ananena zimenezi ngakhale kwa anthu amene sanafunse, misozi ili m'ndevu. Rehab anafika nsapato zili mbuu ndi simenti, ndipo anakhala pakati pa amayi osazivula.

Shopu ilipobe. Mphwawo wa Amalume amathira nzimbe bwinobwino, mwaukhondo, osakufunsa kanthu. Ine amene ndinkadandaula phokoso, pano ndimazengereza pakona paja ngati ndaiwala china. Chaka chino zotsatira za mayeso zinatuluka, ndipo mwana aliyense anaziona yekha pafoni, m'chipinda mwake, chitseko chili chotseka.