Nyimbo imene ndinasankhira chiliza cha amuna anga

Tsiku lomaliza bambo a Tadala anali pakhonde akusongola pensulo, nandifunsa ngati tiyi watsala. Ndinapita kukaona. Pobwera ndinawapeza atagwa.

Iwo anaphunzira zanyimbo ku Hungary, kumene akuti akatswiri ankayenda m'midzi kulemba nyimbo za anthu wamba zisanaiwalike. Atabwerera anachita chimodzimodzi kuno, kuyambira ku Bua mpaka ku Dwangwa, ndipo ankapekanso zawo. Zonse zinatsala m'sutikesi, timadontho pamizere, timene ine mphunzitsi wa masamu sindidziwa kuwerenga.

Pokonzekera chiliza ndinati kwaya idzaimbe nyimbo imene anapeka okha. Ndinasankha pepala lolembedwa mwaukhondo kuposa onse. Pamwamba panali mawu awiri a Chihangare, mawu a nyimboyo panalibe. Kodi ndinafunsa munthu? Ayi. Ndinangoti mwina ankapekera ine, ndipo ndinakhala pansi n'kuikamo mawu anga a za mpumulo wosatha. Woimbitsa kwaya, mnyamata wokulira m'tauni, anati, "Mayi, nyimbo iyi ndi yakuya." Ndinalira.

Kumanda kwaya inayamba pang'onopang'ono, mwaulemu. Ndime yoyamba isanathe ndinaona amayi achikulire akuyang'anana. Wina anatseka kukamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, ine n'kumati yawakhudza. Ndinakodola woimbitsa kuti abwereze. Anabwereza, abale anga, mokweza!

Pamenepo a Nabanda, azakhali a malemu, amene ndi namkungwi ku Kanyenda, anandikokera kuseri kwa mtengo.

"Apongozi, mwaitenga kuti imeneyi?"

"Anapeka okha bambo a Tadala."

"Anapeka? Iyi ndi ya kuchinamwali! Timalangira mtsikana za kuchipinda usiku woti mawa alowa m'banja. Mukufuna ndikuuzeni mawu ake enieni?"

Sindinafune. Anandiuzabe. Kumbuyo kwathu abusa, omwe sankadziwa kanthu, anali atatsinzina, dzanja lili pamtima, akutsatira ndi mawu a besi.

Sutikesi ndinaitseka, ndipo sindidzaperekanso pepala la m'menemo kwa munthu ndisanaliimbitse pamaso pa a Nabanda, zitseko zili zotseka.

Potsanzikana madzulo a tsikulo a Nabanda anandigwira dzanja nthawi yaitali, maso ali ofiira, kaya ndi kulira kaya ndi kuseka. Anati chibadwire chawo nyimbo imeneyo sinaimbidwepo pali mwamuna.