Tsiku Limene Ndinavala Mphemvu za Bwana

Ndani wanena kuti tipopere mankhwala pansi pa bedi langa? Ndinu a Tembo? Bwerezani ndimve, munene mukundiyang'ana m'maso. Inu anthu a ku Chipata mukangomva kanthu kakuti tsiii mumathamangira patapata, osayamba mwafunsa kuti akulirayo ndi ndani. M'kabokosi ako muli Kapitawo, ndipo Kapitawo anafikapo kumene inu simudzafikako ngakhale mutakalambira muno mu Hor Al Anz, kwa Aluya kuno. Khalani pansi nonse, mafoniwo muike m'thumba. Amene akuti Zakeyu Mbewe ndi wabodza atuluke pompano, chitseko ndi icho, chifukwa zimene ndinene panozi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo khungu langali ndi mboni.

Nthawi imeneyo ndinali dalaivala ku Al Warqa, kunyumba ya bwana wina amene anzake ankaweta akavalo ndi ngamila, iye n'kumaweta mphemvu. Musaseke. Si timphemvu tanuti ta m'khitchini tothawa nyali ikayaka ayi. Izi ndi za ku Madagascar, zazitali ngati chala changa chapakatichi, zonenepa, zonyezimira, zopanda mapiko, ndipo zamphongo zili ndi nyanga ziwiri pamwamba pa mutu, zikakumana zimagundana mpaka wina agonje. Mukaikhudza imatulutsa mpweya m'timabowo ta m'nthiti, tsiii, moti tsiku loyamba kumva zimenezo mphaka wa Madamu analongedza yekha n'kusamukira ku Sharjah.

Wozisamala ndinali ine, poti bwana atamva kuti ndinakulira kubusa ng'ombe kwathu ku Mchinji anati ntchito yake ndi yomweyo. Zinkakhala m'bokosi lagalasi m'chipinda chake chowerengera. Pansi ndinkayala makungwa ndi makoko a kokonati operapera, n'kuimika mathireyi a mazira kuti zizibisalamo, chifukwa kuwala sizikufuna. Zakudya zake kaloti, nthochi, maapozi ndi chakudya cha agalu chouma chija, zotsala n'kuchotsa zisanachite chuku. Madzi osaika m'mbale, zingamire, koma pa siponji yonyowa. Ndiye kuno mukudziwa nokha, panja ng'anjo, m'nyumba firiji, choncho pansi pa bokosi pankakhala kamphasa kamagetsi kofunditsa, ine n'kumawaza timadzi m'mawa uliwonse kuti mukhale chinyontho. Koma lamulo lalikulu, mukumva, linali vaselini. Mphemvu zimenezi zimakwera galasi ngati mmene inu muyendera pamsewu, ndiye kukamwa kwa bokosi, kuzungulira konse, ndinkapakako vaselini wambiri kuti ikafika pamenepo iterereke ibwerere kwa anzake.

Madamu ankadana nazo koopsa. Analumbira pamaso pa antchito tonse kuti tsiku limene adzaone imodzi yokha kunja kwa galasi, wolakwayo viza yake khalas, yathera pomwepo, ndege ya mawa lake akwere.

Ndiye kunabwera Esinati, mayi wa ku Ntcheu, wantchito wam'nyumba watsopano, amene anasiya ana ake awiri kwa mng'ono wake, anawo atangoyamba kumene sekondale. Mayi wakhama, wamapemphero, wosadziwa kunama. Sabata yake yoyamba Madamu anamukalipira chifukwa cha zidindo za zala pawindo, amvekere galasi lililonse m'nyumba muno lizinyezimira. Bwana n'kuti ali paulendo. M'mawa wina ine ndikutsuka galimoto panja, Esinati walowa m'chipinda chowerengera, waona mafuta ali noninoni kukamwa kwa bokosi, wati uve woterewu wausiya ndani, watenga sopo ndi kansalu kake, wapukuta mpaka galasi kulira, chivundikiro n'kuchiika pambali kuti muume bwino, iye n'kupita kukasita.

Ndinamva mfuu. Polowa ndinamupeza atakhala pansi, manja ali kumutu, bokosi lili mbee, mulibe ngakhale mwendo wa mphemvu.

"A malume, ndapita ine," anatero. "Ana anga ndikawauza chiyani?"

Anyamata inu, mtima unandipweteka. Madamu anali ku saluni, ndipo masana amabwera ndi anzawo awiri kuti ndiwaperekeze ku Downtown kokagula zinthu. Nyumba yake zipinda zosawerengeka, mphemvu yabisala paliponse pamene pali mdima. Wina akanayamba kukwawa ndi tochi, koma ine ndi mbusa, ndimadziwa kuti chiweto chimabwera chokha kumene kuli chimene chikufuna.

"Mwana wanga, pukuta misozi," ndinatero. "Pita ukatsegule ma AC onse mpaka kumapeto."

Ine ndinatuluka panja, dzuwa lili paliwombo, n'kuthamanga kuzungulira mpanda mpaka thupi langa linayamba kufuka utsi, mabatani a yunifomu kufewa, kenako ndinalowa m'nyumba, ndipo m'menemo n'kuti mutazizira moti madzi a pampopi anauma ali m'njira osafika m'sinki, mivi ya wotchi yapakhoma ikunjenjemera, tiyi amene anatsala patebulo ndinamunyamula wopanda kapu n'kumuimika pashelefu. Mukumva? Ndinalonga nthochi m'thumba lililonse, n'kugona chagada pakati pa balaza, miyendo ndi manja tambasu. M'nyumba monsemo chinthu chofunda ndinali ine ndekha. Ndinaimba likhweru lija ndinkaitanira ng'ombe kudambo.

Zinabwera! Zina kuchokera pansi pa sofa, zina m'nsapato za Madamu, zina m'makatani, zina m'kati mwa piyano zikuliza nyimbo potuluka, zonse pamzere, patsogolo pali nkhunzi yaikulu ya nyanga zokhota, Kapitawo mwiniwake, akuyenda monyada akutembenuka kuona ngati pali wotsalira. Zinalowera kumiyendo ya buluku, zinalowera kumikono ya malaya, zinadzaza pamimba, pamsana, m'khwapa, timiyendo take ta minga tikundikanda ponseponse, ine ndili duu, osaseka ngakhale zinkandigirigisha mpaka misozi. Ndimati ndidzuke pang'onopang'ono ndikazikhuthulire m'bokosi, ndinangomva hutala pageti. Madamu afika msanga, anzawo ali pambuyo.

"Esinati, vaselini!"

Mayi uja anamva msanga. Anandipaka m'khosi kuzungulira, m'mikono, mu akakolo, kuti iliyonse yofuna kutuluka iterereke ibwerere m'kati. Bokosi ndinasanduka ine. Ndinangovala chipewa changa cha udalaivala, iye n'kuthamangira kukazimitsa ma AC ndi kutseka chipinda chowerengera.

"Zakeyu, yalla, tiye, tachedwa," anatero Madamu, osandiyang'ana n'komwe.

A Tembo, inu mumadzitama kuti munayendetsapo minibasi ku Lusaka. Munayamba mwayendetsapo galimoto chonyonyomala? Kukhala pansi sindikanatha, ndikanapha ziweto za bwana, kutsamira sindikanatha, ndiye ndinayendetsa matako ali m'malere, mawondo akunjenjemera, nkhope ikumwetulira pagalasi. Koma nditangomanga lamba, lamba uja anafinya za pachifuwa, zonse pamodzi tsiii! Mnzawo wa Madamu amvekere tayala laphulika. Ndinati zoona mayi, ndinaima pambali pa msewu kuti ndinamizire kuyang'ana, ndipo taonani zodabwitsa, tayala lakumbuyo linalidi litaphwa, msomali uli chilili. Pampu ndinalibe, lapadera linali lophweratu, phula likusungunuka kumamatira nsapato, azimayi ali m'kati maso pa mafoni.

Ndinazula msomali ndi mano, pabowo ndinamatapo phula lomwelo la pamsewu, ndinagwada, ndinalumikiza mkono wa malaya ku valavu, kenako ndinadzimenya pachifuwa kamodzi. Tsiii! Tayala linadzuka. Ndinati poti mwayamba malizani, ndinazungulira matayala onse anayi, ndipo mpweya wa mphemvu, mukumva, si mpweya wamba, ndi wopepuka, moti nditangoliza galimoto ndinaona msewu ukutsalira pansi, ife tikukwera, magalimoto amene anathithikana kutsogolo tikuwadutsa pamwamba, madalaivala akutulutsa mitu kuloza kumwamba, kamera ya apolisi inajambula mthunzi wokha, mpaka tinafika pa Burj Khalifa chapakatikati, pamene mnyamata wina wa ku Mangochi amene amapukuta mawindo atalendewera pachingwe anandiona n'kundifunsa kuti achimwene mwaswera bwanji, ine ndinati ndaswera kaya inu, ndikanacheza koma ndili pantchito. Azimayi aja sanaone kanthu, ankaonetsana zithunzi za madilesi. Potsika ndinangotsegula windo n'kutaya nthochi imodzi kuti mphemvu zikhumudwe zileke kupuma mwamphamvu, tinatera bwinobwino pamalo oimika magalimoto, pamthunzi penipeni.

Musaganize kuti zathera pomwepo. M'masitolo muja ine ndili pambuyo, majumbo m'manja monse, ndinamva m'khwapa lakumanzere muli chipwirikiti. Izi siziikira mazira poyera ngati zanu za m'khitchini, zimasunga m'mimba, ana n'kutuluka amoyo, oyera ngati mpunga. Yaikazi ina nthawi yake inali itakwana. Ndikanatani? Ndinaima pomwepo pakhomo pa sitolo ya masuti, mkono uli m'mwamba kuti mayi apeze malo, osaphethira, osapuma, mpaka mlonda anandipukuta fumbi poyesa ndine chidole choonetsera zovala, mzungu wina anafunsa ngati chipewacho amagulitsa padera, ndipo atangochira woyambayo anayamba wachiwiri, kenako wachitatu, ine mzamba ndili chiimire. Nthochi zinatha, njala inazigwira, zinayamba kudya vesiti yanga, moti pobwerera ku Al Warqa inali itatsala ulusi wa m'khosi wokha.

Tinafika dzuwa lisanalowe. Madamu akutsanzikana ndi anzawo pageti, ine ndinathamangira m'chipinda chowerengera, ndinapeza Esinati wapakanso kale vaselini kukamwa kwa bokosi. Anatembenukira kukhoma, musaganize zopusa, ine ndinavula n'kudzikutumula, zonse zinagwera m'kati, zochuluka kuposa zimene zinatuluka m'mawa. Ndinawaza timadzi, ndinaika kaloti, ndinavundikira. Esinati anagwada pomwepo kuthokoza Mulungu, misozi ili chuchuchu, ndipo ine ndinasangalala ngati ndalandira mwana wanga.

Kenako Madamu anandiitana pakhonde. Anali okondwa, amati andiyamikire chifukwa chokonza tayala msanga. Ndiye ine munthu woleredwa bwino, wamkulu akamakuyamika sumaima chipewa chili kumutu. Ndinavula.

Padazi langa panali Kapitawo. Anali atadutsa khosi vaselini asanapakidwe, n'kukhala pamwamba tsiku lonse kuyang'anira ntchito. Anadzutsa nyanga, anawayang'ana Madamu m'maso, tsiii!

Mfuu imene anakuwa Madamu inaliza ma alamu a magalimoto mpaka ku Mirdif. Anathamangira m'chipinda chowerengera ife tikutsatira, ndipo m'menemo munkanunkhirabe sopo, galasi lili ngwee, kansalu ka Esinati kali pampando. Madamu anakatola ndi zala ziwiri, n'kutembenukira kwa mwini wake.

"Wakhudza bokosi ili ndani?"

Ndinaona milomo ya Esinati ikutseguka. Ndinadziwa kuti anena zoona, chifukwa china sadziwa, ndipo ndinaona ana awiri aja akubwerera kunyumba ndi mabuku awo m'jumbo. Ndinalowa pakati.

"Ndine, Madamu. Vaselini ndinakanda ine ndi chala kuti ndidzole ming'alu ya kuzidendene. Kansaluko ndinachita kubwereka kuti ndifufute umboni."

Ndinavula nsapato n'kuwaonetsa chidendene. Mukuchidziwa nonse chidendene changa, mumachiseka tsiku lililonse. Madamu anangochiyang'ana kamodzi n'kukhulupirira zonse.

"Khalas," anatero. "Longedza. Ndi chinthu chakocho upite nacho."

Ndinabwezera chipewa pamwamba pa Kapitawo, ndinanyamula chikwama changa, n'kutuluka pageti. Esinati ananditsatira mpaka pamsewu akulira, akuti a malume ndikanene zoona, ine ndinamukalipira kuti abwerere akachotse zovala pachingwe. Ndege sindinakwere. Ndinazunzika ndithu, osanama, mpaka ndinapeza ntchito yotsuka magalimoto ino ndi bedi lapansi ili, limene inu mukuti mupopere mankhwala.

Mukuseka chiyani, a Tembo? Mukuti Esinati anakuuzani kutchalitchi kuti mphemvu zinali zochepa, zoti n'kukwana m'chipewa, ndiponso kuti woyamba kukuwa ndinali ine? Ameneyo ndi mayi wamanyazi, amachepetsa zinthu, ndipo kumwamba kuja kunalibe iye. Mukamufunse kuti akugwira ntchito kuti lero. Akadali ku Al Warqa komweko, galasi amapukuta lonse kupatula limodzi, ndipo mwana wake wamkulu akulemba mayeso a Fomu 4, amanditumizira moni pafoni, amati agogo a mphemvu.

Ine Zakeyu Mbewe, pa moyo wanga wonse bodza ndinanenapo limodzi lokha, ndi lija ndinawauza Madamu la vaselini, ndipo atandifunsanso mawa ndidzalibwereza. Tsopano chotsani botolo la mankhwalalo pamaso panga, mundipatsire kaloti uyo. Kapitawo sanadye.