Jambulani Ndowa Imodzi Yokha

Lolemba

Msonkhano wa m'mawa. Kampani yathu yotsatsa malonda pa intaneti pano pa Boma ili ndi anthu atatu, mipando iwiri ndi fani yomwe imazungulira ikafuna. Woimirira ndine, poti ndinalembedwa ntchito pomaliza. Digiri ilibe mpando.

Abwana abwerako ku maphunziro ku Lilongwe ndi nzeru zatsopano. Akuti zithunzi zinatha fasho. Masiku ano anthu pa masamba a mchezo akufuna:
- kanema wamfupi, woimirira, osati wogona
- munthu weniweni, thukuta lenileni
- masekondi atatu oyamba aimitse chala cha woonera

Kenako andipatsa kasitomala wanga woyamba! ANachisale a ku Biriwiri, mayi wamasiye, alimi a kachewere. Akumba matumba makumi awiri, koma mavenda a pamsewu akuwatchulira mtengo wachipongwe. Akufuna wogula mmodzi wobwera ndi lole, kachewereyo asanayambe kumera. Wawakokera kwa ife ndi mwana wawo Tadala, mphunzitsi wa pano pa Boma.

Ndikufuna ndione ndi maso anga: kachewere angaimitse bwanji chala cha munthu?

Lachiwiri

Biriwiri, pamalire penipeni. Mphepo ikundimenya ngati ndinailakwira. Foni yandilandira ku Mozambique ndisanawoloke n'komwe msewu.

ANachisale andifunsa kwathu, mfunda wanga, kumene ndimapemphera. Atakhutira, atsegula kanyumba ka kuseri. Matumba mpaka kudenga! Kachewere wake ngati zibakera.

Koma iwo atapa ndowa imodzi, aiika pabwalo. "Jambulani iyi yokha, achimwene. Zam'nyumbazo ayi."

Ndawafunsa chifukwa. Angoseka, akuti ndikadali mwana. Komatu ku koleji tinaphunzira kuti wogula wamkulu amafuna aone kuchuluka kwa katundu. Ndowa imodzi ingaitane lole? Atapita kukatereka tiyi, ndalowa, ndajambula zonse, kuchokera pansi kukwera pang'onopang'ono mpaka kudenga.

Funso la lero: mlimi abisiranji chinthu chimene akugulitsa?

Lachitatu

Kanema watuluka. Kanyimbo, zilembo zikuluzikulu zachikasu, nambala ya Tadala mmunsi. Abwana akuti kanema amakankhidwira kwa anthu ambiri ngati wakondedwa mu ola loyamba, choncho tiyambe ndi anthu apafupi. Ndapempha Tadala amuponye pa gulu la pafoni la banja lawo. Wazengereza. Ndamuthira Chingerezi cha ku koleji mpaka wavomera.

Pofika madzulo zikuyenda. Ndemanga:
- "Azakhali, Mulungu wakukumbukirani chaka chino."
- "Koma alamu, chonsechi muli phee?"
- "Tikupezani."

Wofunsa mtengo sanaonekebe. Koma "tikupezani" ndamulemba mu lipoti ngati chizindikiro chabwino.

Lachinayi

Tadala waimba. Kwawo kwafika amalume ake a ku Mlangeni, pa njinga yomangirira kale zingwe pa kaliyala. Akuti angopatuka kudzazonda odwala. Pakhomopo palibe wodwala. Abwerera ndi thumba.

Masana kwafika ena awiri, chinkhoswe cha mwana wawo chayandikira. Kenako apongozi a mchemwali wake, kenako alamu a ndemanga ija. Ndamufunsa Tadala ngati anthuwa akulipira. Iye wandifunsa ngati kwathu timagulitsa chakudya kwa amalume.

Sititero. Nanga zinandithawa bwanji? Zaka zinayi ku koleji, phunziro lathunthu la kudziwa anthu amene ukuwalankhula, palibe mphunzitsi anatchulapo za amalume.

Abwana akuti ndisadandaule, chachikulu kanema wafika kwa anthu enieni.

Lachisanu

Ofika lero, monga wandiwerengera Tadala:
- a komiti ya maliro a mudzi woyandikana nawo (thumba limodzi)
- amayi a kutchalitchi, za msonkhano wa mwezi wamawa
- msuweni wa kutsidya kwa malire, yemwe banja lonse linkayesa kuti anamwalira (awiri, poti wachokera kutali)
- bambo wina yemwe palibe akumudziwa, koma akutchula mayina a agogo onse mosaphonya

Womalizayu wandichititsa chidwi. Kafukufuku wake ndi wozama kuposa wanga.

Ndafunsa kuti amayi sangakane? Tadala wandimasulira ngati mwana wa sitandade wani. Chaka chilichonse wachibale akafunsa za kumunda, amayi amayankha kuti chaka chino sizinachite bwino. Wofunsayo amapepesa, nayenso amati kwawo sizinachite bwino. Onse amadziwa, onse amagwedeza mutu, mlendo amapatsidwa kambale kamodzi n'kumapita, mtendere. Kanema wanga wawalanda amayi mawu amenewo. Munthu woti waona matumba mpaka kudenga sungamupatse kambale.

Ndiye ndowa ija inali ndi ntchito yake.

Ndachotsa kanema pa tsamba. Tadala akuti ndachedwa, ali kale m'mafoni a anthu, ndipo wina wamuikira nyimbo ya kwaya.

Loweruka

Waimba! Wogula weniweni, mwini malo odyera ku Blantyre. Waona kanema, akufuna matumba onse makumi awiri, lole inyamuka Lolemba. Ndakwera minibasi ya ku Biriwiri osadya n'komwe.

Kanyumba kaja tsopano kakuoneka bwino makoma onse anayi. Pakona pali matumba asanu ndi limodzi.

ANachisale sanakalipe. Bola akanakalipa. Andipatsa mpando, anditsanulira tiyi, kenako: "Mwayesetsa, achimwene. Kachewere uja sanamere ndithu."

Ndaimbira wa ku Blantyre uja. Akuti lole siidzukira matumba asanu ndi limodzi. Otsalawo atsikira kumsewu mawa, kwa mavenda omwe aja, pa mtengo womwe uja.

Meseji ya abwana: "Katundu watha m'masiku atatu. Tiike pa tsamba lathu ngati chitsanzo." Sindinayankhe, ndidzati kunalibe netiweki.

Lamulungu

Pochokera kutchalitchi ndapeza Tadala pakhomo panga ndi ndowa ija, yodzaza mpaka kusongoka. Amayi ake akuti nanenso ndinafika, ndinaona, sindingabwerere chimanjamanja. Ndiye kuti andiika pa mndandanda umodzi ndi msuweni wouka kwa akufa uja. Ndakana kawiri. Kachitatu ndalandira ndi manja awiri.

Atapita, dzanja lalowa lokha m'thumba, latulutsa foni. Kachewere wokongola, dzuwa lili pabwino, kanema woimirira akanatuluka bwino zedi. Foni ndaibweza momwemo. Ndowa ndaikankhira kunsi kwa bedi, ndaiphimba ndi chitenje.

Chakumasana amalume anga aimba, kufunsa kuti ntchito yatsopanoyo ikuyenda bwanji. Ndawauza kuti chaka chino sizinachite bwino.