Ndinaitanira ambulansi mwana wa eni

Anzanga a ku wodi kuchipatala akafuna kundiputa amangogoneka mutu pa tebulo. Ine sindiseka nawo.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Whitmore Reans, dera lina la kuno kwa azungu. Kukhomo loyandikana nafe kunabwera banja lochokera ku Taiwan, ndipo mwana wawo, Yuting, analowa kalasi imodzi ndi mwana wanga Tadala. Loweruka lina mayi a Yuting anandisiyira mwanayo kuti athamangire m'tauni.

Masana ndinaphika mpunga ndi masamba otendera. Yuting anadya, n'kutsuka mbale yake, n'kupempha tsache (Tadala wanga tsache amaliona ngati njoka). Atasesa anatulutsa mswachi m'chikwama, anakatsuka m'kamwa, n'kubwerera pa tebulo. Ine ndinali pa sinki. Pocheuka, mwana waika mutu pa mikono, ali zii.

Maganizo anathamangira ku nsinjiro. Kuchipatala ndinali nditaonapo ana otupa pakhosi chifukwa cha mtedza, ndipo mayi ake sindinawafunse. Ndinamuitana, osayankha. Ndinamugwedeza, anangoti mmm. Ndinaimbira ambulansi, kenako mayi ake.

"Mum, she's just sleeping," anatero Tadala.

"Khala chete iwe. Namwino pano ndine kapena iwe?"

Mtima wake unkagunda bwino, ankapumanso bwino, koma ine ndinali nditagamula kale (zaka khumi za unamwino zinatulukira pawindo). Ndinamunyamula n'kumugoneka chammbali pa kapeti. Apa ndiye anadzuka, n'kuona mayi wachilendo akumukanula kukamwa. Anayamba kulira. A ambulansi analowa, mayi ake ali pambuyo pawo, wefuwefu.

Atamva nkhani yonse, mayiwo anakhala pansi n'kugwira pamtima.

"Kwathu kusukulu ana onse amagona akatha kudya," anatero. "Amasesa, amatsuka m'kamwa, aphunzitsi amazimitsa magetsi, aliyense mutu pa desiki. Wodzutsa mutu ndiye amadzudzulidwa. Kuno sawalola, ndiye Loweruka amabwezera."

Mmodzi mwa a ambulansi aja ankandidziwa. Anangotsokomola. Pofika Lolemba wodi yonse inali itamva.

Mayi a Yuting sanandisungire mangawa, koma ulendo wotsatira anabweretsa pepala la zonse zimene mwana wawo amachita pa tsiku, ola ndi ola. Pa tulo ta masana anadula mizere iwiri yofiira. Ndinalimata pa filiji, Tadala n'kulemba m'munsi ndi pensulo kuti: funsani Tadala kaye.

Ndikudziwa kuti mwana amayenera kumveredwa. Komabe ndinamulamula Tadala kuti afufute.