Chombo cha Malichero Awiri

Lolemba

Abusa avomera! Lamlungu akatha mapemphero, achinyamata tionetsa filimu yathuyathu, yojambula pa foni yanga.

Ndawafotokozera kuti mafilimu a zam'mlengalenga amene ndimaika mushopu yanga yometera pano pa Lisungwi si chibwana. Ndi ulaliki wovala zitsulo. Wina amatsika kumwamba, anthu amamukana, amafa, amadzuka. Abusa angoti, "Mmm."

Zofunika:
chombo, kuimira chingalawa cha Nowa
tochi, kuimira choonadi
nkhunda yoyera, kuimira mtendere
mlendo wochokera ku nyenyezi, kuimira amene tonse tikumudziwa.

Neno yonse indidziwa sabata ino.

Lachiwiri

Mlendo wapezeka: Mavuto wa kabaza. Kusewera sadziwa, koma ali ndi chisoti cha njinga yamoto.

Ndapita kwa a Jafali agolosale, a ku mzikiti aja, kukatenga mapepala onyezimira oti timukulunge. Ndawafotokozera nkhani yonse. Amvetsera mpaka kumapeto, kenako akuti, "Munthu ali m'mimba mwa chombo, mumdima, kenako chikumulavula? Ameneyo ndi Yunusu, achimwene. Mwaba nkhani ya nsomba." Takangana mpaka kasitomala wofuna sopo watopa, wapita.

Nkhunda palibe. Pali thadzi la mkazi wanga. Ndi loyera ndithu, mbali imodzi.

Lachitatu

Chombo chatheka! Malichero awiri a kunyumba, kuwavundikirana, kuwasoka, kuwamata zonyezimira. Ndachimangirira pa mtengo wa mango ndi ulusi wa mbedza. Chikuoneka ngati chikuuluka chokha. Luso!

Tikujambula, amayi atatu akuchokera ku mjigo. Aima. Ayang'ana kumwamba. Mmodzi waponya ndowa pansi.

"Mayo ine! Masanasana!"

Mavuto, atanyezimira thupi lonse, wawakwezera dzanja la mtendere monga ndinamuphunzitsira. Athawa osatembenuka.

Pokonza zizindikiro zanga zonse zija, sindinakumbukire kuti lichero louluka kwathu kuno lili kale ndi tanthauzo lake.

Lachinayi

Kushopu kulibe munthu. Akuti tsitsi lometedwa ndi limene ndimathira m'ndege ngati mafuta.

Zimene zikumveka pamsika:
ndimauluka kupita ku Joni n'kubwerako tambala asanalire
Mavuto ndinamupha kalekale, amene akuyendetsa kabazayu ndi chithunzi chake
thadzi lija ndi kondakitala.

Masana kwabwera bambo mmodzi wa ku Matope. Ndasangalala, ndamuveka nsalu. Wanong'ona: "Sindinabwerere kumeta. Ulendo winawu mpando ulipo? Pasipoti ndilibe."

Mkazi wanga akufunsa malichero ake. Ndamuuza kuti ali pa ntchito ya Mulungu.

Lachisanu

Lero gawo lalikulu: imfa ndi kuuka kwa mlendo.

Mavuto wagona pansi bwinobwino. Tochi ikumuwalira pankhope. Ine misozi ikulengeza. Foni yake yalira, munthu akufuna kupita kuchipatala. Wauka nthawi isanakwane, wakwera njinga, wapita ali chinyezimire.

Wabwerera, tayambanso. Wauka kachiwiri: wina wa matumba a nandolo.

Kachitatu wafa bwino kwambiri, moti wayamba mkonono.

Thadzi la mtendere lakana kuuluka. Titaliponya m'mwamba latera pachifuwa pa malemu, lawajompha, ndipo malemu auka kachitatu, atukwana mawu oti sangamveke m'tchalitchi.

Loweruka

Akuluakulu a mpingo aitanitsa filimu kuti aione kaye. Asanu kuunjikana pa foni imodzi.

Aliyense waona zake. Amayi Nkhoma, mtsogoleri wa amayi, akuti nkhukuyo ndi tambala wa Petro. Ndawauza kuti ndi thadzi. Akuti, "Ndiye mpatukowo." Msungichuma akuti kuuka katatu mulibe m'Baibulo. Mkulu wina wafunsa ngati Mavuto analandira ubatizo asanatsike ku nyenyeziko, kapena abatizidwe konkuno.

Za Nowa palibe waziona. Za choonadi palibe, akuti tochi ndi tochi.

Chigamulo: filimu isaonetsedwe. Chombo chatsala m'manja mwa abusa.

Mkazi wanga wapeta mphale ndi chivundikiro cha beseni. Sakundiyankhula.

Lamlungu

Tchalitchi chadzaza mpaka pakhomo. Ngakhale a Jafali aima patali pansi pa mtengo, ati akungodutsa.

Abusa atulutsa chombo changa paguwa. Anthu akutsogolo abwerera m'mbuyo. Achilekanitsa pakati, anyamula lichero limodzi m'mwamba. "Ichi si ndege! Ndi chopetera! Tsiku likubwera lopeta anthu, maso a chimanga uku, mankhusu uku!" Ponena mankhusu andiyang'ana ine. Mpingo wonse watembenuka. Amayi Nkhoma ayambitsa nyimbo.

Ulaliki wabwino, kunena zoona. Chizindikiro chimenechi chinali m'manja mwanga sabata yonse, osachiona.

Malichero abwerera kunyumba. Mavuto akuti makasitomala amuchulukira, aliyense akufuna kukwera njinga ya munthu wouka.

Madzulo ndakhala pakhonde ndekha, ndaonera filimu yanga koyamba mwachifatse. Theka la chithunzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, latsekedwa ndi chinthu chachikulu chakuda, chozungulira ngati dziko lachilendo. Ndachiyang'ana nthawi yaitali kufuna tanthauzo lake.

Ndi chala changa. Chikuimira chala basi.